Kuchokera ku Belfast Kufika ku Bontleng: Mbiri ya Makina Odzutsa Mtima

Mawu oyamba

Chaka cha 1966 chimakumbukika ku Botswana chifukwa cha tsiku la 30 Sepitembala, pamene dzikoli lidalandira ufulu wodzilamulira kuchokera kwa Angerezi. Pa nthawiyo mzinda wa Gaborone, umene unkatchedwa Gaberones, udali ukumangidwa kumene, pakuti likulu la boma lidali litangosamuka mu 1965 kuchoka ku Mafeking, m'dziko la South Africa. Amene adakonza mapulani a mzindawu adayerekeza kuti mudzakhala anthu pafupifupi 20,000. Adaika Mall pakati, nyumba za anthu opeza bwino kumpoto kwake, ndipo za anthu opeza zochepa kummwera. Kummwerako ndi kumene kuli Bontleng. Dzinali likuchokera ku liwu la Chitswana loti bontle, kutanthauza kukongola, ndipo kachidutswa ka -ng kakugwira ntchito imene pa-, ku- ndi mu- amagwira m'Chichewa. Bontleng ndiye kuti pamalo a kukongola.

Chaka chomwecho, mu Janyuwale, mumzinda wa Belfast ku Northern Ireland, ambulansi ina idayamba kutuluka pachipata cha Royal Victoria Hospital itanyamula dokotala, namwino ndi makina olemera makilogalamu pafupifupi 70, oyendera mabatire a galimoto. Makinawo amatchedwa defibrillator. M'nkhani ino ndiwatchula kuti makina odzutsa mtima. Kufikira tsikulo adali makina a m'chipatala basi, ndipo wodwala amayenera kuwapeza kumeneko ali moyo.

Cholinga changa ndi kulondola ulendo wa makinawa kuyambira pachiyambi, ndi kuonetsa kuti mbiri yawo yonse ndi mbiri ya kusendera kufupi ndi pamene munthu wagwera. Gawo lotsiriza la ulendowu, lofika pakhoma la panja m'dera longa Bontleng, Ndirande kapena Chawama, ndi limene likukhudza ife.

Mtima ukaima

Mtima uli ndi mphamvu yake ya magetsi, yochepa kwambiri, imene imalamula minofu yake kuti ifinyike pamodzi ndi kupopa magazi. Mphamvuyi ikasokonekera, zipinda ziwiri za m'munsi mwa mtima zimangonjenjemera popanda kupopa kanthu. Madokotala amatchula vutoli kuti ventricular fibrillation. Munthu amagwa m'masekondi ochepa, ndipo ubongo wake umayamba kuwonongeka pakatha mphindi 4 mpaka 6. Vutoli n'losiyana ndi kutsekeka kwa mtsempha wodyetsa mtima, kumene kumasiya munthu ali maso akudandaula za kupweteka pachifuwa, ngakhale kuti kutsekekako nthawi zina ndiko kumayambitsa kunjenjemeraku.

Makina odzutsa mtima amatumiza mphamvu yaikulu ya magetsi kudutsa pachifuwa kwa kanthawi kochepa zedi. Mphamvuyo imatontholetsa minofu yonse nthawi imodzi, monga amachitira mphunzitsi akamenya tebulo m'kalasi ya ana osokosera, kuti mtima uyambirenso kugunda mwa dongosolo lake. Akatswiri amawerengera kuti pa mphindi iliyonse imene yadutsa popanda chithandizo, mwayi woti munthuyo apulumuke umatsika ndi 7 mpaka 10 pa 100 alionse. Pakatha mphindi 10 mwayi wotsala umakhala wochepa kwambiri. Masamu amenewa ndi amene akhala akukankha makinawa kuchoka pamalo ena kupita pamalo ena.

Nkhuku, agalu ndi nthambo za magetsi

Mu 1775 dokotala wa ziweto wa ku Denmark, Peter Christian Abildgaard, adaona kuti nkhuku imene waikomola ndi magetsi pamutu imatsitsimuka akailasanso ndi magetsi pachifuwa. Sadadziwe chifukwa chake. Mu 1850 Moritz Hoffa ndi Carl Ludwig adafotokoza za kunjenjemera kwa mtima wa nyama ukakhudzidwa ndi magetsi, ndipo mu 1889 John MacWilliam wa ku Aberdeen adalemba kuti kunjenjemera kumeneku kuyenera kuti ndiko kumapha anthu ambiri amene amafa mwadzidzidzi. Patatha zaka 10, mu 1899, Jean-Louis Prévost ndi Frédéric Batelli a ku Geneva adaonetsa pa agalu kuti magetsi ochepa amayambitsa kunjenjemera, pamene magetsi amphamvu amakuthetsa.

Nzeru imeneyi idagona m'mabuku kwa zaka pafupifupi 30. Amene adaidzutsa adali makampani a magetsi a ku United States, amene antchito awo okwera m'mapolo ankafa akakhudza nthambo. Ndalama zawo zidathandiza kafukufuku wa William Kouwenhoven, injiniya wa magetsi pa Johns Hopkins University ku Baltimore. Ku Moscow nako, Naum Gurvich adaonetsa mu 1939 kuti mphamvu yosungidwa ndi kutulutsidwa kamodzin'kamodzi imagwira bwino ntchito kuposa magetsi a pakhoma.

Munthu woyamba kupulumuka ndi makinawa adali mnyamata wa zaka 14, mumzinda wa Cleveland mu 1947. Mtima wake udayamba kunjenjemera pamene dokotala Claude Beck ankamaliza kumuchita opaleshoni ya pachifuwa. Beck adatsegulanso chifuwa, nafinya mtimawo ndi dzanja kwa mphindi pafupifupi 45, kenaka adaika zitsulo za makina pa mtima penipeni. Mnyamatayo adachira. Koma njirayi inkatheka m'chipinda cha opaleshoni mokha. Mu 1956 Paul Zoll wa ku Boston adaonetsa kuti magetsi akhoza kudutsa pachifuwa chosatsegula, ndipo mu 1960 Kouwenhoven, James Jude ndi Guy Knickerbocker adalengeza kuti kukanikiza pachifuwa ndi manja mobwerezabwereza kumayendetsa magazi okwanira kusunga ubongo kufikira makina atafika. Apa ndiye padayambira chithandizo chimene lero chimatchedwa CPR. Chida chake ndi manja awiri.

Kutuluka pachipata cha chipatala

Frank Pantridge, dokotala wa mtima wa ku Belfast, adali atavutikapo ndi mtima iye mwini. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse adagwidwa ukapolo ndi asilikali a Japan mzinda wa Singapore utagwa mu 1942, ndipo pa ntchito yakalavulagaga yomanga njanji ya ku Burma adadwala beriberi, matenda obwera chifukwa cha kusowa chakudya choyenera, amene amafooketsa mtima. Atabwerera kwawo adazindikira kuti ambiri mwa anthu ofa ndi mtima ankafa m'ola loyamba, asadafike n'komwe kuchipatala. Maganizo ake adali osavuta kumva: ngati odwala akufera kunja, makina atuluke akawapeze kunjako. Pamodzi ndi John Geddes adakonza makina olemera aja mu 1965 ndi kuwakweza mu ambulansi. Pofika 1968 adali atakonza ena olemera makilogalamu atatu okha.

Mzinda wa Seattle ku United States udatenga nzeruyi ndi kuiwonjezera. Mu 1970 dokotala Leonard Cobb adaphunzitsa ozimitsa moto kugwiritsa ntchito makinawa, ndipo kuyambira 1971 adayamba kuphunzitsa nzika wamba zikwizikwi kukanikiza pachifuwa. Chotsalira chidali chimodzi: makinawo ankafuna munthu wodziwa kuwerenga kagundidwe ka mtima. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, Arch Diack ndi Stanley Welborn, madokotala a ku Portland, adakonza makina amene amadziwerengera okha kagundidwe ka mtima, ndi kulola magetsi pokhapokha ngati akufunika. Awa ndiwo makolo a makina amene lero amadziwika ndi zilembo za AED, amene amalankhula ndi kuuza munthu chochita.

Kuyambira pamenepo funso lidasanduka la chikhulupiriro: kodi munthu wosaphunzira za udokotala angapatsidwe makina otere? Mayankho adachokera kumalo osayembekezeka. Kafukufuku amene adasindikizidwa mu 2000 adaonetsa kuti m'nyumba za juga za ku Las Vegas ndi madera ena, kumene alonda adapatsidwa makinawa, odwala 74 pa 100 alionse adapulumuka ngati adalandira magetsi zisadathe mphindi zitatu, pamene mwa amene adachedwerapo adapulumuka 49 pa 100 alionse. M'mabwalo a ndege a ku Chicago makinawa adapachikidwa m'makoma kuyambira 1999. M'zaka ziwiri, mwa anthu 18 amene mtima wawo udanjenjemera, 11 adatsitsimutsidwa, ndipo ena mwa owapulumutsa adali apaulendo amene sadagwirepo makinawo chibadwire. Ku Japan, kalonga Takamado adagwa ndi kumwalira mu Novembala 2002 akusewera mpira wa squash ku ofesi ya kazembe wa Canada mumzinda wa Tokyo, ali ndi zaka 47. Mu Julayi 2004 boma la Japan lidalola munthu aliyense kugwiritsa ntchito AED.

Makina atachuluka, vuto lina lidaonekera. Ambiri adali m'maofesi, m'masukulu ndi m'mabanki, malo amene amatsekedwa dzuwa likalowa. Kafukufuku wa ku Copenhagen wa mu 2013 adapeza kuti madzulo, usiku ndi kumathero a sabata, mwayi wopeza makina pafupi ndi wodwala unkatsika ndi theka ndi kupitirira, chifukwa chakuti makinawo adali kuseri kwa zitseko zokhoma. N'chifukwa chake mayiko adayamba kuwatulutsa panja, m'mabokosi opachika pakhoma loyang'ana kumsewu. Ku Britain midzi yambiri idagula tinyumba tofiira ta matelefoni akale pa mtengo wa paundi imodzi ndi kusungiramo makinawa.

Zimene tidaona ndi maso athu

Ambiri a ife kuno ku Africa tidayamba kumva za nkhaniyi kudzera mu mpira. Pa 26 Juni 2003, Marc-Vivien Foé wa ku Cameroon adagwa pakati pa bwalo mumzinda wa Lyon, pa masewero a dziko lake ndi Colombia, ndipo adamwalira tsiku lomwelo ali ndi zaka 28. Pa 29 Ogasiti 2007, Chaswe Nsofwa wa ku Zambia adagwa ndi kumwalira pokonzekera masewero ku Beersheba, m'dziko la Israel. Koma pa 17 Malichi 2012, pamene Fabrice Muamba, wobadwira ku Kinshasa, adagwa pa bwalo la White Hart Lane ku London, madokotala adayamba kumukanikiza pachifuwa ndi kumulasa ndi magetsi pabwalo pomwepo. Mtima wake sudagunde pawokha kwa mphindi 78, koma adachira. Mu 2013 bungwe la FIFA lidagawira mabungwe a mpira a mayiko onse chikwama cha chithandizo cha mwadzidzidzi chokhala ndi AED. Pa 12 Juni 2021 dziko lonse lidaonerera pa wailesi ya kanema Christian Eriksen wa ku Denmark akugwa ku Copenhagen. Adatsitsimutsidwa pabwalo, ndipo mu 2022 adabwereranso mu mpira.

Patangotha masiku 19 chigwere Muamba, pa 5 Epulo 2012, Pulezidenti Bingu wa Mutharika adagwa ali ku nyumba ya boma ku Lilongwe, ndipo adathamangira nawo ku Kamuzu Central Hospital. Komiti yofufuza imene adaitsogolera Jasitisi Elton Singini idapeza kuti mtima wawo udaima ndipo adamwalira ali m'njira, asadafike kuchipatala. Mtundu wa Amalawi udauzidwa za imfayi pa 7 Epulo. Chimene ambiri timakumbukira ndi mpungwepungwe wa ndale wa masiku awiri amenewo. Phunziro la zaumoyo lidapita ndi mphepo, chonsecho ndi phunziro lomwe lija la Pantridge. Ngati msewu wa kuchipatala udatalikira mtsogoleri wa dziko amene adali ndi ambulansi pakhomo, nanga mayi wogulitsa tomato pamsika wa Ndirande udzamutalikira motani?

Kubwerera ku Bontleng

Gaborone wa lero ali ndi anthu oposa 240,000. Bontleng ili ndi chipatala chake chaching'ono, ndipo chipatala chachikulu cha Princess Marina chili pa mtunda wa makilomita ochepa chabe. Kuyambira 2012 boma la Botswana lili ndi nthambi ya ambulansi za chithandizo cha mwadzidzidzi, zimene munthu amaziitana poimba 997. Poyerekeza ndi mudzi wa ku Nsanje kapena ku Lundazi, anthu a ku Bontleng ali pabwino ndithu.

Komabe tiyerekeze kuti Loweruka madzulo bambo wina wagwa pamalo okwerera kombi. Anthu aunjikana, wina akuti waledzera, wina akuti n'khunyu, wina wathamangira madzi. Mphindi ziwiri zatha pamene wina akumbukira kuimba foni. Woyankha afunsa malo, ambulansi inyamuka, idutsa m'misewu yodzaza magalimoto, ifunafuna nambala ya puloti. Palibe amene walakwa kapena kuzengereza, koma mphindi 10 zija zatha. Kufupika kwa chipatala kumathandiza wothyoka mwendo ndi mayi wapakati. Wa mtima woima chimamuthandiza ndi chimene chili pa mtunda woti mnyamata athamange ndi kubwerera m'mphindi zitatu. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Wina angatsutse, ndipo kutsutsa kwake n'komveka. M'mayiko athu ndalama za zaumoyo n'zoperewera, ndipo kuthamanga kwa magazi, shuga ndi matenda a mtima oyamba ndi zilonda za pakhosi paubwana zimafuna mankhwala otsika mtengo amene angapulumutse anthu ochuluka kuposa bokosi la pakhoma. Makinawa sathandiza mtima uliwonse woima. Amathandiza wonjenjemera wokha, ndipo mtima umene wangoti zii saulasa n'komwe. Ku United States, pafupifupi anthu 7 mwa 10 amene mtima wawo umaima kunja kwa chipatala amagwera m'nyumba zawo, kutali ndi misika ndi mabwalo. Ndiponso walira mvula walira matope: batire limatha, timapepala tomata pachifuwa timauma ndi kutha ntchito pakapita zaka zochepa, dzuwa la Gaborone la mwezi wa Disembala limatentha bokosi lachitsulo, ndipo bokosi losakhoma limakopa akuba pamene lokhoma limadya mphindi.

Mfundo zonsezi zikutiphunzitsa kayalidwe koyenera ka ntchito. Choyamba ndi manja, pakuti kukanikiza pakati pa chifuwa ka 100 mpaka 120 pa mphindi, mozama masentimita 5 mpaka 6, sikufuna ndalama, ndipo mabungwe a Red Cross a ku Botswana, Malawi ndi Zambia amaphunzitsa kale chithandizo choyamba. Chachiwiri ndi makina owerengeka oikidwa mwanzeru pamalo osagona: pomwetsera mafuta, papolisi, pakhoma lakunja la chipatala chaching'ono, pa depoti ya mabasi, pabwalo la mpira. Chachitatu ndi kaundula, kuti woyankha foni ya 997 athe kuuza woimba kumene kuli makina apafupi. Chachinayi ndi munthu mmodzi wodziwika ndi dzina amene ntchito yake ndi kuona batire mwezi ndi mwezi.

Botswana idayendapo kale njira yotere. Mu Janyuwale 2002, mu ulamuliro wa Pulezidenti Festus Mogae, ndondomeko ya Masa, kutanthauza mbandakucha, idayamba kupereka ma ARV aulere pachipatala cha Princess Marina. Panthawiyo ambiri ankati mankhwalawa ngovuta, ofuna madokotala akatswiri. M'zaka zochepa adafika m'zipatala zazing'ono, m'manja mwa anamwino. Malawi naye kuyambira 2004 adadalira anamwino ndi madokotala othandizira pofalitsa mankhwala omwewa. Mayiko awiriwa akudziwa bwino kuti chithandizo chimapulumutsa anthu ochuluka chikatuluka m'manja mwa ochepa.

Nkhani ya mawu

Kwatsala chinthu chimodzi chimene chimakhudza ife ophunzira za ziyankhulo. M'Chichewa liwu loti mtima n'lolemera kwambiri: timapsa mtima, timataya mtima, timakhazika mtima pansi, timayamika wokoma mtima. M'Chitswana pelo ali chimodzimodzi, pakuti woleza mtima ndi pelotelele, ndiye kuti wa mtima wautali, ndipo kukoma mtima ndi pelonomi. Koma pa mtima wa m'chifuwa, wopopa magazi, mawu athu ngochepa. Liwu limodzi loti kukomoka likunyamula wogwa ndi njala, wogwa ndi khunyu, wogwa ndi uthenga wa maliro ndi wogwa chifukwa mtima waima. Atatu oyambawo amadzuka okha, n'chifukwa chake mwambo wathu ndi kukupiza, kuthira madzi ndi kudikira. Wachinayiyo kudikira kumamupha. Choipiranso n'chakuti m'mphindi zoyamba amatha kukoka mpweya modukizadukiza, ngati mkonono, ndipo oimirira amati akupuma. Akamwalira timati yagwa imfa yadzidzidzi, ndipo pamaliro manong'onong'o amayamba kufunafuna amene wamulodza.

Tikusowa chiganizo chachifupi chimene mwana wa Sitandade 6 angachiloweze: munthu akagwa, osayankha, osapuma bwino, itanani thandizo ndipo kanikizani pachifuwa osaleka. Tikusowanso makina olankhula chiyankhulo cha owagwiritsa ntchito. Ku Japan makinawa amalankhula Chijapani, pamene ambiri ogulitsidwa kuno kummwera kwa Africa amalankhula Chingerezi. Munthu wogwidwa ndi mantha amamva msanga chiyankhulo chimene adayamwa. Kumasulira malangizo osakwana 20 m'Chitswana, m'Chichewa ndi m'Chishona, ndi kuwayesa pa anthu kuti tione ngati akumveka pakati pa phokoso, ndi ntchito imene madipatimenti a ziyankhulo a m'mayunivesite athu angaigwire pamodzi ndi anzathu a zaumoyo m'chaka chimodzi.

Mawu omaliza

Kuchokera pa agalu a ku Geneva kufika pa mnyamata wa ku Cleveland padapita zaka 48. Kuchokera ku Cleveland kufika mu ambulansi ya ku Belfast padapita zaka 19, ndipo kuchokera ku Belfast kufika pakhoma la bwalo la ndege ku Chicago padapita zaka 33. Pa gawo lililonse padali ena okayika kuti anthu a gawo lotsatira angathe: anamwino, ozimitsa moto, alonda, apaulendo. Nthawi zonse anthuwo adatha. Woyendetsa kombi wa ku Bontleng, wothira mafuta wa ku Limbe ndi mphunzitsi wa masewero wa ku Chipata sasiyana ndi mlonda wa ku Las Vegas m'nzeru kapena m'manja. Chimene akudikira ndi kuphunzitsidwa, kupatsidwa mawu omveka, ndi kupeza bokosi lija pafupi, chitseko chake chikuyang'ana kumsewu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.